Mvuu Yogona ya Phwiti

Pleya yathu ya zimbale za mafilimu inafa m'mawa, nditathira kale mankhwala m'kakapu ka makina opumira. Inangolira kuti tsiii, pa TV n'kutsala buluu yekhayekha. Ndinaizimitsa, ndinaiyatsanso, ndinaipukuta ndi nsalu, ndinaimenya pang'ono pamsana monga amachitira amuna anga. Ayi ndithu. Phwiti anali atakhala kale pamiyendo panga, maso ali pa TV, akudikira mvuu yake.

Phwiti ndi mwana wanga, mmodzi yekhayo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake chifukwa anabadwa wochepa ngati kambalame. Ali ndi zaka zitatu, ndipo ali ndi mphumu. Ikamugwira, m'chifuwa mwake mumalira kalikhweru kamene ine ndimakamva ngakhale ndili kubafa, madzi akutuluka pampopi. Anthu ena sakamva. Bambo ake amati makutu anga amamva ndi zimene kulibe zomwe.

Mwezi wapitawo tinagonekedwa m'chipatala. Ndikuti tinagonekedwa, koma bedi linali lake. Ine ndinkagona pampando wapulasitiki, dzanja lili pamsana pake, ndikumvera ana a anzanga akutsokomola. Potitulutsa anatibwereka makina opumira: kabokosi kolira ngati njuchi, kapaipi, ndi kamasiki kovala pamphuno ndi pakamwa. Mankhwala amasanduka nthunzi, mwana n'kumapuma mpaka kakapu kaume. Sabata imene pleya inafa, kalikhweru kanali katabwereranso, ndipo anesi anali atandiuza mosabisa.

"Mayi, m'mawa ndi madzulo, kakapu kaziuma. Kumapeto kwa sabata mubwere naye ndidzamumvere. Akadzakhala chonchi, bedi lake lija lilipo."

Koma Phwiti ndi kamasiki ndi adani. Akangokaona amauma thupi ngati thabwa, mutu uku, miyendo uko. Chinthu chimodzi chokha chinkamukhazika pansi: chimbale cha katuni ya mvuu chimene achemwali anga anatipatsa pamodzi ndi pleyayo, ana awo atakula. Chinali chimbale chija cha zithunzi zowala kwambiri, cha m'kabokosi kabuluu. Ndikangochiika, mvuu n'kuonekera, ndinkamunong'oneza kukhutu kuti, "Mimba m'mwamba, koka. Mimba pansi, tulutsa." Iye phee. Limoti inasowa kalekale ndipo sindinaifunefune. Ndikanaigwira ndi chiyani? Dzanja lina limakhala pa kamasiki, lina pachifuwa pake.

M'mawa umenewo ndinayesa popanda mvuu. Ndinamuimbira nyimbo, ndinamulonjeza za kumwamba ndi pansi. Ndinamuikira makatuni ena pafoni, iye n'kutsomphola foniyo, kamasiki n'kukaponya kuseri kwa mpando. Nthunzi yonse inapumidwa ndi makatani.

Ndinaimbira foni bambo ake. Iwo amayendetsa lole yonyamula katundu wa m'masitolo. Amachoka kusanache, amabwera kutada, moti kamasiki amangokaona kali kotsuka pa thaulo.

"Ndiye mukulirira pleya?" anatero, injini ikulira kumbuyo kwawo. "Yatsopano mwezi uno iwalani. Pitani nayo kwa Injiniya."

Injiniya ndi mng'ono wawo. Akuti ali mwana anaphwasula wailesi ya bambo awo kuti aone anthu olankhulamo, dzina n'kumumatirira. Amakonza mafoni ndi malaputopu m'kashopu ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa zipi ndi mabatani. Ukalowamo sungaongoke. Munthu aliyense akamakwera masitepe, fumbi limathothokera pa tebulo.

"Alamu anga! Mwabwera ndi abwana aakulu? Phwiti, moni wa bambo aang'ono uli kuti?"

Phwiti anabisa nkhope pakhosi panga.

Injiniya anamasula pleyayo, natulutsa chimbale atachigwira m'mbali ndi nsonga za zala. Anasuzumira m'kati ndi katochi, napukusa mutu.

"Diso lake lowerengera chimbale lafa. Zimenezi n'za makolo, alamu, zipangizo zake sizipezekanso. TV yanu ili ndi pobaya fulashi?"

"Ilibe."

"Ndinadziwa, achimwene ndi zinthu zakale. Koma makina awo a magemu aja alipo, eti?"

"Alipo. Koma pakamwa pake polowetsa chimbale panasiya kale kugwira ntchito. Amangosewera mpira umene uli m'kati."

"Basi, nkhani yatha. Filimuyi tiichotsa m'chimbale, tiisandutse fayilo ya mtundu umene makinawo amalola, tiike pa fulashi. Fulashi mukabaya pa makina a magemu, mvuu iyo pa TV. Chimbale mukachipachike pakhoma."

Analumikiza kabokosi kowerengera zimbale ku laputopu yake. Patapita kanthawi panabwera mzere wautali wa timabokosi, tonse tochongedwa. Ine ndinali kumbuyo kwake, ndikuyang'ana chala chake. Anayamba kuchotsa zochongazo, kamodzikamodzi, mofulumira ngati munthu wosankha miyala m'nyemba, mpaka panatsala kabokosi kamodzi kokha.

"Mukuchotsazo n'chiyani, alamu?"

"Zinyalala za kutsogolo. Zotsatsa malonda, machenjezo, zilankhulo za eni ake. Ena amangokopera zonse, ulesi. Ine ntchito yanga imatuluka yoyera. Ukangodina, filimu yayamba."

Mtima unandigunda pang'ono, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndauzidwa kambiri kuti ndimadera nkhawa zilizonse, ndipo munthuyu amandithandiza mwaulere, makasitomala ake akudikira pakhomo.

Kenako tinayamba kudikira. Pa laputopu panali kamzere kobiriwira koyenda ngati nkhono. Injiniya anawotcherera foni ya munthu wina, kautsi kake n'kudzaza m'shopumo, ine n'kutuluka ndi Phwiti kukakhala pa masitepe. Mayi wa zipi anamupatsa batani lalikulu kuti aziseweretsa. Ndinathokoza, ndipo atangotembenuka ndinalilanda kuopa angalimeze. Wometa tsitsi anatsegula wailesi. Anthu ankatidumpha pokwera ndi potsika. Ine khutu linali pamsana pa mwana. Kalikhweru kanalipo, kopyapyala, koma kanalipo.

Dzuwa litapendeka Injiniya anandiitana. Kamzere kanali katafika kumapeto. Anabaya fulashi, nadina, laputopu n'kulira kuti ding.

"Aa! Mvuu yanenepa, alamu. Ikukana kulowa pakhomo."

"Ndiye kuti zakanika?"

"Zikanike kwa ndani? Fulashi imene makina a achimwene amawerenga silola fayilo imodzi yaikulu chonchi. Tiyenera kuichepetsa thupi. Khalaninso pansi."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono chabe."

Pang'ono pa Injiniya sipafanana ndi pang'ono pa anthu ena. Ndinabwerera pa masitepe. Phwiti anagona, anadzuka, analira ludzu, anagonanso. Msana wanga unachita dzanzi. Pamene fulashi inkafika m'manja mwanga, ogulitsa m'mphepete mwa msewu anali atayamba kulongedza. Ndinaimanga pakona ya mpango, n'kuika mpangowo m'thumba la m'kati mwa chikwama, ndipo m'basi ndinaukhudza kangapo kuti ndione ngati ulipo.

Bambo a Phwiti anali atafika kale, anaweruka msanga dala. Makina a magemu anali atawapukuta fumbi, padi yosewerera ili m'manja.

"Bweretsani kuno, muone mmene akatswiri amachitira."

Ndinathira mankhwala m'kakapu, ndinakhala pansi potsamira mpando, Phwiti pamiyendo. Iwo anabaya fulashi, nayendayenda ndi padi mpaka anaipeza fayiloyo. Anadina.

Malipenga analira. Mvuu inatulukira ikuthamanga, itavala chipewa chofiira, anyani akuithamangitsa ndi mapoto. Zithunzi zinali zowala moti unkaona dontho lililonse la madzi.

"Taonani kuwala kwake!" anatero bambo ake. "Mng'ono wangayu ndi mfiti."

Ndinamva thupi la Phwiti likuuma m'manja mwanga.

"Yadzuka," anatero.

"Ee, ndi mvuu yako ija, mwana wanga. Valatu."

"Yadzuka! Igone! Igone!"

Ndinayandikitsa kamasiki, iye n'kukamenya. Bambo ake anaika padi pansi, namugwira manja onse awiri ndi dzanja limodzi, lina pamutu.

"Vekani tsopano. Mwana sangatilamule."

Ndinamuveka. Analira m'kamasikimo mpaka kulirako kunasanduka chifuwa, chifuwa n'kusanduka kusanza. Ndinakachotsa. Makina anapitiriza kulira pansi, nthunzi ikutuluka yokha, pa TV anyani akuseka.

"Mwamuzoloweza zoipa," anatero bambo ake akupukuta malaya awo. "Tsiku lonse mwataya kuti apeze filimu yake. Filimu yake ndi iyo. Akufunanso chiyani?"

Ndinkayang'ana pa TV, pamene mvuu inali itakwera njinga.

"Bambo a Phwiti, filimuyi ine ndikuiona koyamba."

"Mukuti chiyani?"

"Sindinaionepo. Mvuu yathu sithamanga. Ukaika chimbale, imabwera itagona chagada pa udzu, kambalame kali pamimba pake. Ikakoka mpweya kambalame kamakwera, ikatulutsa kamatsika. Kumbuyo kukulira kanyimbo kapansipansi. Basi. Ikafika kumapeto imayambiranso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Pansi pake pamakhala mawu? Oti munthu asankhe?"

"Ee, pamakhala timawu."

"Mayi a Phwiti, pamenepo m'poyambira chabe. Pamadikira kuti munthu adine. Kuteroko simunadinepo ndi kamodzi komwe?"

"Ndidine ndi dzanja liti?"

Anazimitsa makina onse awiri, m'nyumba n'kuti zii, n'kutsala kalikhweru kokha. Ndinaona kuti nawonso akukamva, chifukwa anayang'ana kumbali.

Za usiku umenewo sindinena. Kutacha, bambo ake atapita, ndinayesa kukhala mvuuyo ineyo. Ndinagona chagada pa simenti, n'kuika sokosi yake yopindapinda pamimba panga, n'kumapuma mokokomeza. Phwiti anaseka, ndipo analola kamasiki kwa kanthawi. Koma munthu sungagone chagada uku ukugwira kamasiki pankhope ya mwana. Ndikadzuka kuti ndikonze, mvuu yadzuka. Kakapu sikanafike ndi pakati pomwe. Tsiku la anesi linali litayandikira, ndipo ndinkaumva kale mpando wapulasitiki uja m'chiuno mwangamu.

Ndinabereka Phwiti, ndinatenga chimbale ndi fulashi, ulendo wa pansi pa masitepe.

Injiniya anaseka mpaka anagunda mutu kudenga.

"Menyu? Alamu, dzulo lonse lija tavutika ndi nyumba yathunthu, abwana akufuna chitseko chokha? Chinthu chimene ine ndimayamba kutaya!"

"Ndinakuonani mukutaya."

"Osanena bwanji?"

"Sindinadziwe kuti ili m'gulu la zinyalala."

Anafuna kupitiriza nthabwala, koma wailesi ya wometa tsitsi inali isanatsegulidwe, ndipo m'kashopumo munali bata. Phwiti anali kumbuyo kwanga, tsaya lili paphewa panga. Injiniya anapendeketsa mutu monga amachitira pomvera foni yodwala.

"Chikulirachi ndi iyeyo?"

"Ndi iyeyo."

Anazimitsa chowotcherera chake. Kwa bambo wina amene anaima pakhomo ndi foni yosweka anati, "Bwana, mubwere masana, ndili ndi wodwala." Kenako anakokera kampando pafupi ndi iye.

"Khalani apa. Ndikuuzeni zoona: menyu yeniyeniyo, yoti n'kudina, singasamuke. Koma chithunzi chimene chimayenda kumbuyo kwake chili m'kati muno penapake, ngati kafayilo kapadera. Vuto lake, mafayilo a m'zimbalezi alibe mayina. Manambala okhaokha. Titsegula imodziimodzi, inu muziyang'ana."

Anatsegula m'mimba mwa chimbalecho. Zinali zambiri, zodzaza laputopu yonse mpaka pansi. Yoyamba inali mawu ofiira ochenjeza. Yachiwiri mawu omwewo m'chilankhulo china. Kenako nyenyezi yozungulira, kenako mdima wopanda kanthu, kenako azibambo awiri atakhala pa mipando akufotokoza mmene anajambulira anyani. Ina inali galu wa filimu ina. Ina mvuu ikuvina.

"Iyi?"

"Ayi. Yagona, alamu. Yogona."

"Ulesi wa mvuu imeneyi ndi wa achimwene Lamulungu."

Sindinaseke, koma ndinamuthokoza mumtima. Maso anga anali olemera ngati muli mchenga. Manambala anayamba kusakanikirana. Phwiti anagona kumbuyo kwanga, mpweya wake wotentha uli pakhosi panga. Injiniya anayamba kutsegula ndi kutseka mofulumira, ndipo ina itangoonetsa kobiriwira pakona iye anali ataitseka kale.

"Bwererani."

"Ndi udzu chabe uwo."

"Bwererani, alamu."

Anabwerera. Udzu, kenako phazi lotuwa, kenako mimba, kambalame kali pamwamba. Kanyimbo kaja kanayamba. Ndinazindikira kuti ndakoka mpweya pamodzi ndi mvuuyo.

"Kameneka?" anatero Injiniya. "Sikakwana ndi mphindi yomwe."

"Kazibwereza mpaka kakapu kaume."

"Zosavuta. Ndikalumikiza kokhakokha kambirimbiri, mchira ku mutu, mchira ku mutu. Simudzaona ndi msoko womwe."

Analumikiza, nandionetsa. Zinalidi zosalala. Mvuu inapuma, inafika kumapeto, inapitiriza ngati palibe chachitika. Mtima unandigundanso ngati dzulo lake. Ulendo uno ndinalankhula.

"Pakusowa kanthu. Ikafika pamenepa imaphethira."

"Imatani?"

"Pa TV pamada pang'ono, nyimbo n'kudukiza, kenako n'kuyambanso."

"Aa, chimenecho n'chilema cha pleya, alamu. Imakhala ikubwerera poyambira. Ine ndakuchotserani."

"Bwezeranipo."

"Ndiike chilema dala? Pa ntchito yanga? Anthu akamva adzati chiyani?"

"Ikaphethira m'pamene Phwiti amameza malovu n'kutsokomola. Ine m'pamene ndimamupukuta mphuno n'kukonza kamasiki. Amadziwa kuti akapirira pang'ono, pakubwera popumulira. Mukachotsa, adzatsokomola pakatikati, ndiye zikatero amachita mantha."

Anandiyang'ana, nayang'ana mwana, nakanda m'mutu.

"Kutalika kwake?"

Ndinatseka maso, n'kutsegulanso pamene ndinkadziwa kuti mvuu yabwerera. Iye anayesa. Ndinati n'kwakufupi. Anawonjezera. Ndinati kwatalika. Anachepetsa, ndipo ndinati ndi pamenepo.

"Nanga timawu ta pansi tija tili kuti?" ndinafunsa.

"Timeneto ndiye ayi. Pleya ndi imene imatiika pamwamba pa chithunzi. M'kafayilomu mulibe."

"Akafunsa?"

"Phwiti wayamba liti kuwerenga?"

Ulendo uno kamzere kobiriwira kanangothamanga, fulashi n'kulandira popanda kudandaula. Ndinafuna kudzutsa mwana kuti aone pa laputopu, koma tulo take tinali tosowa, ndinamusiya. Injiniya anatiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sachita.

Madzulo bambo a Phwiti anafikanso msanga. Sanatchule za akatswiri. Anabaya fulashi, nakhala pansi pambali panga, padi ili pamiyendo. Ndinathira mankhwala. Phwiti ataona kamasiki anayamba kale kukankha ndi zidendene.

"Dinani," ndinatero.

Udzu. Phazi. Mimba. Kanyimbo.

Zidendene zinaleka. Anaweramira kutsogolo, nayang'anitsitsa, ine osapuma. Kenako analoza pansi pa TV, pamene pankakhala timawu.

"Zapita kuti?"

Bambo ake anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Ndinawaponda phazi.

"Zagona nazonso," ndinatero.

Anaganiza kaye. Kambalame kanakwera, kanatsika. Anabwerera m'mbuyo, natsamira pachifuwa panga. Ndinayatsa makina opumira, n'kubweretsa kamasiki pang'onopang'ono kuchokera m'mbali.

"Mimba m'mwamba, koka. Mimba pansi, tulutsa."

Anakoka. Nthunzi inalowa.

Itafika kumapeto, TV inaphethira. Phwiti anameza, natsokomola kawiri, ine ndinamupukuta mphuno n'kubwezera kamasiki, mvuu n'kubwerera. Zonse m'malo mwake. Kanabwereza, kanabwerezanso. Nditayang'ana kumbali ndinaona mapewa a bambo ake akukwera ndi kutsika pamodzi ndi kambalame, eni ake osadziwa.

Makina anasintha kaliridwe, monga amachitira kakapu kakauma. Ndinakapendeketsa kuti ndione. Kanali kouma.

"Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, kameneka kokha?" anafunsa bambo ake motsitsa mawu.

"Komweka."

"Osatopa nako?"

"Ndani wakuuzani kuti sinditopa?"

Anatembenuza padi m'manja.

"Mawa mundidzutse msanga. Mundionetse kagwiridwe ka kamasiki ndisanapite."

Ndinawadzutsadi. Anagwira molimba kwambiri, ndipo pa kuphethira koyamba anaiwala kupukuta mphuno, koma kakapu kanauma.

Tsiku lake litakwana, anesi anamumvera nthawi yaitali, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo, chikwama cha zovala chimene ndinalongedzeratu chili pakati pa mapazi anga.

"Kalikhweru kadakalipo," anatero, "koma kapita kutali. Pitirizani kunyumba. Chikwamacho mubwerere nacho."

M'basi tinapeza mpando wa pawindo. Ndinakhudza mpango wa fulashi m'thumba la m'kati, chifukwa ndinali nditainyamula, kuopera kuti mwina ku wodi kungapezeke pobaya. Phwiti anatsamira pachifuwa panga. Ndinaika dzanja pamsana pake kuti ndimvere, likukwera, likutsika. Pamene kondakitala ankandigwedeza phewa kuti ndidzuke, basi inali itafika kumapeto kwa msewu, siteji yathu titaipitirira kalekale.